Modelo ikamaona ayezi pamadzi ndi madzi pa ayezi: pomwe mungayambire kufufuza

Mwaphunzitsa modelo yanu, pulogalamu ya kompyuta yozindikira mitundu ya ayezi wa m'nyanja, ndi zithunzi za rada za setilaiti ya Sentinel-1, pa mayeso yakhoza bwino, ndiye mwaipatsa chithunzi chatsopano cha ku Fram Strait, nyanja ya pakati pa Greenland ndi Svalbard ku Arctic. Mapu atuluka. Mbali imodzi ya chithunzi, pamene mukudziwa ndithu kuti ndi madzi okhaokha, yalembapo ayezi wakale wa zaka zambiri. Chapakati pali mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula, ndipo mtundu wa ayezi ukusintha ndendende pamzerepo. Mukaipatsa chithunzi cha mu Juni, ndiye basi, zonse zangosakanikirana.

Ambiri akafika apa amathamangira kukulitsa modelo kapena kuiphunzitsanso usiku wonse. Ine ndimati dikirani kaye. Zolakwika za mtundu umenewu kawirikawiri gwero lake silikhala mu modelo. Likhala m'chithunzi chenichenicho, m'nyengo imene chinajambulidwa, kapena m'mapu amene munaphunzitsira. Ubwino wake ndi wakuti gwero lililonse limasiya chizindikiro chakechake, ndipo mukadziwa kuwerenga zizindikirozo simutaya nthawi.

Tiyambe ndi chimene rada imaona, chifukwa zonse zikuchokera pamenepo. Rada siona kuchindikala kwa ayezi, ndiponso siona zaka zake. Setilaiti imatumiza mafunde a C-band, otalika pafupifupi masentimita 5.5, n'kuyeza mphamvu imene yabwerera. Pamalo posalala mafundewo amanjanja n'kupita kwina, choncho malowo amaoneka akuda. Pamalo pokhakhala amamwazikana, ena n'kubwerera, malowo n'kuoneka owala. Mchere nawonso uli ndi gawo lake. Ayezi wa chaka choyamba amakhala akadali ndi madzi amchere m'timatumba tating'ono, motero mafunde salowa patali ndipo chimene chimabwerera chimadalira kukhakhala kwa pamwamba basi. Ayezi wakale, amene wapulumuka nyengo yosungunuka, mchere wake wa kumtunda unatsukika n'kusiya timabowo ta mpweya tambirimbiri. Mafunde amalowamo n'kumwazikana mkati, n'chifukwa chake m'nyengo yozizira amawala kwambiri. Ndiye tikamati tikugawa mitundu ya ayezi, kwenikweni tikungoyerekeza mtundu kuchokera ku kukhakhala ndi mchere. Chilichonse chimene chingasinthe kuwalako popanda kusintha ayezi chikhoza kunamiza modelo.

Musanakhudze china chilichonse, tengani zithunzi zitatu kapena zinayi zimene zalakwika, muike mapu a modelo pambali pa HH ndi HV, zithunzi ziwiri zimene rada imatulutsa za malo omwewo, muone kumene zolakwikazo zagona. Ngati zikukula pang'onopang'ono kuchoka mbali imodzi ya chithunzi kupita inayo, nkhani ndi kupendekeka kwa rada. Ngati zikudumpha pa mizere yowongoka yotsatira njira ya setilaiti, ndi phokoso la chipangizo. Zikakhala zigamba zosaumbika bwino pamadzi, funsani mphepo. Zikatsatira mwezi, ndi kusungunuka. Ndipo zikakhala ndi malire ofanana ndi amene munthu anajambula pamanja, vuto lili m'mapu ophunzitsira.

Zolakwika zikamakula kulowera mbali imodzi

Sentinel-1 ikamajambula nyanja za kumapeto a dziko, ku Arctic ndi ku Antarctica, imagwiritsa ntchito kwambiri njira ya Extra Wide, imene imatenga dera lotambalala makilomita 400. Rada imayang'ana chammbali. Mbali ya chithunzi yoyandikana ndi setilaiti mafunde amagwa mopendekeka pafupifupi madigiri 19 kuchoka pa mzere woimirira, pamene mbali yakutali amafika madigiri 47. Kupendekeka kumeneku akatswiri amakutcha incidence angle, ndipo kukamakula mphamvu yobwerera imatsika. Pa ayezi wa chaka choyamba m'nyengo yozizira, HH imatsika pafupifupi 0.2 dB (dB ndi muyezo wa mphamvu yobwererayo) pa digiri iliyonse. Chulukitsani ndi madigiri 28 aja, mupeza ma dB asanu kapena asanu ndi limodzi, kutanthauza kuti ayezi yemweyo akhoza kubweza mphamvu yoposa katatu kapena kanayi mbali yapafupi kusiyana ndi mbali yakutali. Kusiyana kumeneku kukhoza kufanana ndi kumene kumalekanitsa mitundu iwiri ya ayezi.

Njira imene anthu ambiri amayamba nayo ndi kuwongola chithunzi chonse ndi nambala imodzi, kuti chioneke ngati chinajambulidwa pa madigiri amodzi, tinene 35. Zimathandizako, koma pali msampha. Mtundu uliwonse uli ndi katsikidwe kake. Madzi amatsika mofulumira kwambiri, ayezi wosalala amatsika pakatikati, ayezi wakale ndi wophwanyika amatsika pang'ono chifukwa mphamvu yake imachokera m'kumwazikana kwa mbali zonse. Mukawongola ndi nambala ya ayezi wa chaka choyamba, madzi a mbali yapafupi atsalabe owala, ndipo ayezi wakale mwamuwongola mopitirira. Komanso kuti mudziwe nambala yoyenera pa pikiselo (kadontho ka chithunzi) iliyonse muyenera kudziwa kale mtundu wake, chomwenso ndi chimene mukufuna kupeza.

Njira ziwiri zimatulutsa munthu m'vuto limeneli. Yoyamba ndi kulola mtundu uliwonse kukhala ndi katsikidwe kake mkati mwa modelo yeniyeniyo, monga anachitira ofufuza a ku yunivesite ya ku Tromsø mu 2020 pa njira yawo yotchedwa GIA. Yachiwiri, ngati mukugwiritsa ntchito neural network, modelo imene imadziphunzirira yokha zizindikiro kuchokera ku zitsanzo, ndi kuipatsa incidence angle ngati gawo la zolowetsa, pambali pa HH ndi HV. Koma apa chenjerani. Onani ngati mtundu uliwonse ukupezeka pa madigiri onse m'zitsanzo zophunzitsira. Ngati ayezi wakale yense m'zitsanzo zanu anagwera mbali yakutali, modelo iphunzira kuti mbali yakutali ndiye ayezi wakale, ndipo simudzaziona mpaka tsiku limene njira ya setilaiti idzadutse kwina. Jambulani chiwerengero cha mapikiselo a mtundu uliwonse pa digiri iliyonse. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Mizere yowongoka pa HV

Apa ndi pamene ndimaona anthu akuvutika nthawi yaitali, choncho ndikhalitsapo.

HH ndi mafunde otumizidwa chogona n'kulandiridwa chogona. HV ndi otumizidwa chogona n'kulandiridwa choimirira. HV ndi yamtengo wapatali pa ntchitoyi chifukwa ayezi wakale ndi wophwanyika amawala bwino mmenemo pamene madzi amakhala akuda. Vuto lake ndi lakuti mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Pamadzi ndi pa ayezi wosalala imatsika mpaka kufanana, kapena kuchepera, ndi phokoso limene chipangizo cholandirira chimapanga chokha chifukwa cha kutentha kwa zamagetsi zake. Pamalo oterowo chimene mukuona pachithunzi si nyanja ayi, ndi chipangizocho.

Phokosoli silofanana paliponse. Chithunzi cha Extra Wide ndi timizere tisanu tolumikizidwa, EW1 mpaka EW5, ndipo m'kamzere kalikonse phokoso limachepa pakati n'kukwera m'mphepete. EW1 ndiye imavuta kuposa onse. Palinso kamawangamawanga kena kobwerezabwereza motsatira njira ya setilaiti, kochokera ku mmene rada imajambulira m'zigawozigawo. Modelo imene sinauzidwe zimenezi imawerenga m'mphepete mwa kamzere ngati malire a ayezi.

Choyamba fufuzani ngati munachotsadi phokosolo. Fayilo iliyonse imabwera ndi manambala a phokoso, ndipo pulogalamu ya SNAP ya ESA, bungwe la ku Ulaya la zamlengalenga, ili ndi gawo lochotsera. Kenako tsegulani manifest.safe, fayilo yofotokoza za chithunzicho, muone mtundu wa IPF (pulogalamu yokonzera zithunzi za Sentinel-1) umene unakonza chithunzicho. Zithunzi zokonzedwa ndi IPF 2.9, kuyambira mu Malichi 2018, zili ndi manambala a phokoso a mbali zonse ziwiri, yopingasa ndi yotsatira njira ya setilaiti, pamene zakale zili ndi a mbali yopingasa yokha. Mukasakaniza zakale ndi zatsopano pophunzitsa osasamala zimenezi, ndiye kuti mwaipatsa modelo mitundu iwiri ya HV. Ndipo ngakhale ndi manambala atsopano, pamatsalabe kudumpha pakati pa timizere. Ofufuza a ku Nansen Center ku Bergen anakonza njira yosinthira manambalawo kamzere ndi kamzere kuti agwirizane, ndipo pulogalamu yawo ikupezeka poyera. Pa ntchito ya ayezi ndi bwino kuiyesa n'kuyerekeza ndi zimene SNAP yatulutsa, makamaka pa chithunzi cha madzi abata, pomwe chotsalira chilichonse chimaonekera.

Tsopano misampha iwiri imene imabwera pambuyo pochotsa phokoso. Woyamba ndi wa masamu. Mukachotsa phokoso pa pikiselo imene mphamvu yake inali yochepa, yankho likhoza kutsika pansi pa ziro, ndipo nambala yotere singasandutsidwe dB. Mapulogalamu ena amaikapo NaN, chizindikiro chakuti palibe nambala, ena amaikapo kanambala kakang'ono kwambiri, n'kupanga timadontho takuda bii tomwazikana pamadzi. Modelo imatenga timadonthoto ngati kaonekedwe ka pamwamba. Chitani avereji ya mapikiselo oyandikana musanasandutse dB, ndipo ikani malire apansi amodzi omwewo pa zithunzi zonse.

Wachiwiri ndi wobisika kwambiri. Kuchotsa phokoso kumachotsa avereji yake yokha, koma kugwedezeka kwake kumatsala. Pamene phokoso linali lalikulu, chithunzi chimakhalabe chamanthongomanthongo kuposa pamene linali lochepa, ngakhale kuwala kwa malo awiriwo kwafanana. Ngati mukugwiritsa ntchito miyezo ya kaonekedwe monga GLCM, kapena network imene imadziphunzirira kaonekedwe yokha, mizere ija ibweranso pamapu ngakhale pachithunzi simukuionanso ndi maso. Zikatero ipatseni modelo mapu a phokosolo ngati cholowetsa china, kuti idziwe pamene HV ndi yodalirika ndi pamene si yodalirika. Ena amangotaya EW1 yense. Sindikonda njira imeneyi chifukwa mwataya gawo lalikulu la chithunzi, koma ngati nthawi yakuthinani ndi yabwino kuposa kutulutsa mapu abodza.

Mukadali pompo, yang'ananinso m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi. Zithunzi zina za GRD, womwe ndi mtundu wa mafayilo a Sentinel-1, zimakhala ndi kamzere ka manambala opanda tanthauzo kumalire, ndipo kudula mapikiselo ochepa kumathetsa nkhaniyo.

Mphepo, ndi zinthu zofanana maonekedwe

Madzi alibe kuwala kumodzi pa rada. Kukakhala bata, mphepo isakufika mamita awiri kapena atatu pa sekondi, amakhala akuda, osasiyana ndi nilas, ayezi wosalala wosapitirira masentimita 10, kapena ndi grease ice, phala la timakristalo limene limaziziritsa timafunde ta pamwamba. Mphepo ikakula, timafunde ta masentimita ochepa timabweza mphamvu yambiri pa HH, makamaka mbali yapafupi, mpaka madzi kuwala kuposa ayezi. Ayezi wakale wabodza uja wa pamadzi amachokera apa.

Tengani mphepo ya ola limene chithunzi chinajambulidwa kuchokera mu ERA5, nkhokwe ya mbiri ya nyengo ya ola ndi ola, muiyike pa mapu anu. Zolakwika zikagwera pamene mphepo yakula, mwapeza chifukwa. HV imathandiza kwambiri apa popeza pamadzi imakhalabe yotsika mpaka mphepo itafika pa namondwe, komatu ndi HV yomweyo ya phokoso ija, ndiye konzani kaye phokoso. Kaonekedwe nakonso kamathandiza. Madzi a mphepo amakhala ndi mikwingwirima yosalala yotsatira mphepoyo, pamene ayezi amakhala ndi ming'alu, ngodya ndi mizere ya zitunda. Zimenezi sizioneka pa kawindo kakang'ono, choncho modelo iziona dera la makilomita angapo nthawi imodzi.

Chothandiza china ndi AMSR2, chipangizo cha pa setilaiti ya JAXA, bungwe la ku Japan la zamlengalenga, chimene chimayeza mafunde amene nyanja imatulutsa yokha. Pa chimenechi madzi ndi ayezi zimasiyana kwambiri. Koma pikiselo yake ndi ya makilomita, pamene ya Sentinel-1 ndi ya mamita 40. Modelo ikapeza kuti AMSR2 ikupereka yankho mosavuta imayamba ulesi, n'kusiya kuyang'ana rada. Mudzazindikira izi mapu akamatuluka ofewa m'malire, ming'alu yopapatiza ya madzi itasowa, ndiponso zolakwika zitaunjikana m'mbali mwa gombe pomwe pikiselo ya AMSR2 yatengako mtunda. Mankhwala ake ndi kuibisira AMSR2 pa zitsanzo zina pophunzitsa, kuti izolowere kudalira rada.

Pali zofanana zina zimene mphepo ilibe nazo gawo. Pa ayezi wamng'ono amene wangoundana kumene kukuzizira kwambiri pamamera timaluwa ta chisanu todzaza mchere, totchedwa frost flowers, ndipo ayezi amene dzana anali wakuda amawala mpaka kufanana ndi wakale. Kumalire a ayezi ndi nyanja yotseguka, mafunde amaumba pancake ice, tizidutswa tozungulira ta masentimita 30 mpaka mamita atatu tokwera m'milomo, ndipo nato timawala zedi. Chithunzi chimodzi chokha sichingathetse kusokonezeka kumeneku nthawi zonse. Mbiri ndi imene imathetsa. Ayezi wakale sangabadwe lero pamene masiku atatu apitawo panali madzi, pokhapokha atayandama kuchokera kwina. Yerekezani ndi chithunzi cham'mbuyo, muwerengere kumene ayezi wayenda, ndipo mukane ayezi wakale aliyense amene alibe kumene wachokera.

Ikafika nyengo yosungunuka

Ku Arctic, kuyambira chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni kutengera dera, chipale chofewa cha pamwamba pa ayezi chimayamba kunyowa. Chipale chonyowa chimamwa mafunde a C-band, sangafikenso ku timabowo ta mpweya tija. Ayezi wakale amada, wa chaka choyamba nthawi zambiri amawalirako, ndipo kusiyana kumene modelo inkadalira kumatha, pena kutembenuka kumene. Kenako pamabwera timadziwe ta madzi osungunuka, tomwe timakhala takuda kukakhala bata n'kuwala kukakhala mphepo.

Apa ndinene mosabisa kuti palibe kakonzedwe kamene kangabweze uthenga umene mulibe m'chithunzi. Onani kutentha kwa mpweya pa ERA5. Kukayandikira madigiri 0, lekani kukhulupirira modelo ya nyengo yozizira. Phunzitsani ina yapadera ya miyezi imeneyi, ndipo muichepetsere ntchito, izingosiyanitsa ayezi ndi madzi, mwina ndi ayezi wophwanyika. Ngati mukufunabe kudziwa kumene kuli ayezi wakale, tengani mapu omaliza odalirika a mu Epulo kapena Meyi muwayendetse motsatira kuyandama kwa ayezi. Zithunzi za L-band, monga za setilaiti ya ku Japan ya ALOS-2, zili ndi mafunde aatali pafupifupi masentimita 24 amene amalowa bwinoko m'chipale chonyowa ndiponso amaonetsa zitunda bwino, kungoti sizipezeka kawirikawiri ngati za Sentinel-1.

Mapu amene munaphunzitsira

Modelo zambiri zimaphunzira kuchokera ku mapu a ayezi ojambulidwa ndi anthu, monga a Danish Meteorological Institute ndi a Canadian Ice Service, amenenso ali m'gulu la zithunzi la AI4Arctic. Mapu amenewa anapangidwira oyendetsa sitima. Katswiri amazunguliza dera lalikulu n'kulemba kuti muli ayezi wochuluka bwanji ndiponso wa mitundu iti, koma sanena kuti mtundu uliwonse uli pati m'deramo. Tinene dera lalembedwa magawo 9 mwa 10, asanu ndi limodzi a chaka choyamba ndi atatu akale. Mukapaka dera lonselo dzina la mtundu wochulukawo, mwaiuza modelo kuti zidutswa zowala za ayezi wakale zija ndi za chaka choyamba, ndiponso kuti ming'alu ya madzi ndi ayezi. Sankhani madera okhawo amene mtundu umodzi walamulira kwambiri, ndipo mapikiselo a pafupi ndi malire a dera muwasiye, poti mzere wa pamanja sugwera ndendende.

Nthawi nayonso muisamale. Kuyambira pa ulendo wa sitima ya Fram wa 1893 mpaka 1896, zinadziwika kuti ayezi woyandama momasuka amayenda pa liwiro la pafupifupi magawo awiri pa 100 a liwiro la mphepo. Mphepo ya mamita 10 pa sekondi ndiye kuti ayezi akuyenda masentimita 20 pa sekondi, mamita 720 pa ola, omwe ndi mapikiselo 18. Pakutha pa tsiku ndi makilomita 17. Mapu a tsiku lomwelo koma ochokera ku chithunzi china cha m'mawa sangagwirizane ndi chithunzi chanu cha madzulo. Gwiritsani ntchito mapu okhawo amene anajambulidwa kuchokera ku chithunzi chomwecho.

Ndiyeno pali mitundu imene rada singaisiyanitse konse. Malamulo a WMO, bungwe la zanyengo la dziko lonse, amagawa ayezi wa chaka choyamba patatu, wopyapyala wa masentimita 30 mpaka 70, wapakati wa 70 mpaka 120, ndi wochindikala woposa 120. Katswiri amalemba zimenezi podalira kwambiri zimene akudziwa, monga tsiku limene deralo linaundana ndi mmene kwazizirira kuyambira pamenepo. Pa C-band atatuwa akakhala osalala amaoneka pafupifupi chimodzimodzi. Modelo ikamawasokoneza siyolakwa. Aphatikizeni akhale mtundu umodzi, kapena ipatseni mbiri ya kuzizira imene katswiriyo anagwiritsa ntchito.

Chotsalira ndi mayeso aja amene modelo inakhoza. Ngati munadula chithunzi chimodzi m'tizigawo, tina n'kuphunzitsira tina n'kuyesera, mayesowo anali obera, chifukwa tizigawo toyandikana tili ndi mphepo imodzi, phokoso limodzi ndi ayezi yemweyo. Patulani zithunzi zathunthu, ndipo ngati n'kotheka chaka chathunthu kapena dera lathunthu, kenako muwerengere zotsatira za mtundu uliwonse, mwezi uliwonse ndi kamzere kalikonse payekhapayekha. Nambala imodzi ya zonse imabisa zambiri, makamaka pamene madzi ndi ayezi wa chaka choyamba ndi amene achuluka.

Ndipo ngati modelo yophunzitsidwa ku Arctic mwaitengera ku Antarctica, muyambirenso kuiyesa ngati yatsopano. Kumeneko ayezi wochuluka ndi wa chaka choyamba, wakale amapezeka makamaka ku Weddell Sea, ndipo chipale chimakhala chochindikala mpaka kulemera kwake kumamiza ayezi, madzi amchere n'kulowa pansi pa chipalecho. Mafunde a rada amakumana ndi chosanjikiza chonyowa chamchere ngakhale pakati pa nyengo yozizira. Nyengo nazonso ndi zotembenuka, ayezi amachuluka mu Sepitembala n'kuchepa mu Febuluwale, choncho ngati munaika mwezi pa zolowetsa, usuntheni ndi miyezi isanu ndi umodzi musanayambe.